Wakabaza anaphunzira kwa yani kuzemba malamulo?

Aliyense amene anakhalapo m'chipinda cha mayeso a Fomu 4 amaudziwa msampha wa timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi. Funso limabwera ndi mpata pakati pa chiganizo, wophunzira n'kumaluma bolopeni: kodi "abide" amayenda ndi "by" kapena ndi "to"? Nanga "adhere"? Nanga "stick"? Aphunzitsi amabwereza mpaka mawu kusasa kuti ndi "abide by the rules", "adhere to the rules", "stick to the rules". Sangachitire mwina, poti mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani. Motero dziko lino ladzaza ndi anthu odziwa kulonjeza m'Chingerezi chosalala kuti adzatsatira malamulo, osaphonya kamawu ngakhale kamodzi.

Ena mwa ana aja anakula. Lero ndi aneneri a zipani, alembi aakulu a maunduna, nduna ndi aphungu, ndipo phunziro lija sanaliiwale. Chikalata chopita kwa atolankhani sichitha popanda mawu amenewa: boma lipitiriza kutsatira malamulo, chipani chathu chilemekeza chigamulo cha khoti, anthu onse akupemphedwa kutsatira ndondomeko. Galamala yake palibe angaipezere chifukwa. Nkhani ili pa zimene zimachitika wowerenga nkhani pa wailesi akamaliza kuwerenga chikalatacho.

Dandaulo lofala m'maofesi, m'matchalitchi ndi pa Facebook n'lakuti Amalawi ndi anthu osamva. Umboni wake suvuta kupeza. Wakabaza amanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga pa njinga yamoto yopanda nambala, iye mwini alibe chipewa choteteza mutu, laisensi alibenso. Kondakitala wa minibasi amapanikiza anthu anayianayi pampando wa atatu, akayandikira pa rodibuloko n'kupinda kandalama m'dzanja. Mavenda amathamangitsidwa m'misewu ya ku Limbe ndi ku Lilongwe Lolemba, pofika Lachinayi abwerera. Nyumba zinakwera phiri la Soche mpaka pamalo pamene sipayenera kumangidwa kanthu, ndipo namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Zonsezi n'zoona, ndipo zina mwa izo zatengera anthu kumanda.

Koma dandaulo limeneli limangoyang'ana pansi. Mbiri ya zaka 30 za ulamuliro wa zipani zambiri ikusonyeza kuti luso lozemba lamulo silinayambire pa siteji ya kabaza. Linayambira kumtunda, pakati pa anthu amene amalemba malamulowo, ndipo linalawirira kwambiri.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994, pasanathe chaka kuchokera pa referendamu ya pa 14 Juni 1993. Munali gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati wawagwiritsa mwala. Aphungu analifafaniza mu 1995, lisanagwire munthu ndi mmodzi yemwe. Munalinso nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana a anthu. Nyumbayo sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 anaichotseratu m'buku. Makhansala anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ngakhale mmodzi, chonsecho malamulo akunena kuti makhonsolo aziyendetsedwa ndi anthu osankhidwa. Chisankho china cha makhansala chinadzachitika mu 2014. Palibe amene anagona m'chitokosi chifukwa cha zaka 9 zimenezo.

Phunziro lalikulu kwambiri linaperekedwa ndi gawo 65. Zimene limanena n'zosavuta kumva: phungu amene analowa m'Nyumba ya Malamulo pa tikiti ya chipani china, akachisiya n'kukalowa chipani china chimene chili m'Nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, anthu akavotenso. Cholinga chake n'kuteteza mayi wa ku Ntaja kapena wa ku Nthalire amene anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kuti achonge chizindikiro chimene anachikonda, kuti asadzuke tsiku lina n'kumva pa wailesi kuti voti yake yasamukira kwina iye osafunsidwa.

Mu Febuluwale 2005 malemu Bingu wa Mutharika anatuluka m'chipani cha UDF, chomwe chinawalowetsa m'boma miyezi 9 m'mbuyomo, n'kuyambitsa DPP. Aphungu ambirimbiri anawatsatira. Otsutsa boma, a UDF ndi a MCP, anakakamira kuti sipikala Louis Chimango agwiritse ntchito gawo 65. Mtsogoleri wa dziko anatumiza nkhaniyo kukhoti kukafunsa ngati gawoli silikuphwanya ufulu wa munthu wolowa gulu limene wafuna. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la apilo linayankha kuti gawoli n'lovomerezeka. Apa munthu wamba akanaganiza kuti nkhani yatha, osadziwa kuti yangoyamba kumene. Aphungu okhudzidwa anathamangira kukhoti kukatenga ziletso zomanga manja sipikala. Otsutsa anati sakambirana bajeti gawo 65 lisanagwire ntchito, boma linati bajeti iyambe ndiyo, anthu anathamanga m'misewu, zipatala ndi sukulu zikudikira ndalama. Bajeti inadutsa mochedwa, chaka chotsatira sewero lomwelo linabwerezedwa, ndipo chisankho cha 2009 chinafika aphungu aja akadali pamipando yawo, malipiro akulandira mwezi ndi mwezi.

Choseketsa, ngati n'choseketsa, chinadza mu 2012. Mayi Joyce Banda atalowa m'boma, aphungu ambiri a DPP anatsetserekera ku chipani cha PP, ndipo amene anayamba kufuula kuti gawo 65 ligwire ntchito anali a DPP omwe aja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Gawoli likadalimo m'buku mpaka lero. Wandale amalikonda akakhala mbali yotsutsa, n'kuliiwala tsiku limene chipani chake chalumbira.

Mnyamata amene lero akuyendetsa kabaza anali ku pulayimale nthawi imeneyo, ndipo anakula akumva zonsezi pa wailesi ya bambo ake. Anatolapo kuti lamulo ndi chinthu chokambirana, komanso kuti munthu wokhala ndi loya sachita mantha. Iye loya alibe. Ali ndi "ya fanta" ya wapolisi wapamsewu, yomwe imagwira ntchito yomweyo pamtengo wotsika.

Amalonda akuluakulu nawonso anakhoza bwino phunziroli. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapepala apulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, majumbo aja amene amang'ambika munthu asanafike kunyumba ndi tomato wake. Zifukwa zake zimaoneka ndi maso. Majumbowa amatseka ngalande mpaka madzi kusefukira m'misewu, adzaza mumtsinje wa Mudi ndi wa Lilongwe, ndipo opha nyama amawapeza m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe. Dziko la Rwanda linaletsa majumbo mu 2008, la Kenya mu 2017, ndipo konseko lamulo linaluma. Kuno makampani opanga pulasitiki anapita kukhoti, lamulo n'kuima. Pa 31 Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti boma silinalakwitse poletsa majumbowo. Omenyera chilengedwe anavina, ndipo mmodzi mwa iwo, Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Koma majumbo sanachoke pamsika. Kampani ina inabwerera kukhoti, itatha iyo kunabwera gulu la makampani ena ndi chiletso chatsopano, ngati kuti aliyense ankadikira mnzake agonje kaye kuti iye ayambe mlandu wake. Zaka pafupifupi 10 zinatha lamulo lili m'buku, makina akupangabe majumbo.

M'nkhani yotereyi palibe amene amafunika kunena poyera kuti akukana lamulo. Aliyense amati akulemekeza makhoti, akungogwiritsa ntchito ufulu wake wokadandaula. Ufuluwo ulipodi, ndipo chiletso cha khoti ndi chida chofunika chimene chapulumutsa anthu ambiri ku nkhanza za boma. Koma chida chomwecho chikamabwezedwabwezedwa pa funso limene khoti lalikulu kuposa onse linaliyankha kale, ndiye kuti munthu wapeza njira yophwanyira lamulo mwalamulo. Mayi wogulitsa masamba mumsika wa Ndirande akalandidwa majumbo ake alibe kothawira kotero.

Pali njira inanso, yofatsa kwambiri: kulipanga lamulo, kuliombera m'manja, n'kulisiya ligone. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016 ndipo linasainidwa mu Febuluwale 2017. Chinangotsala n'chakuti nduna itchule tsiku loti liyambe kugwira ntchito. Tsikulo linakhala la pa 30 Sepitembala 2020, boma litasintha. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, komanso limafuna kuti chipani chiulule kumene chatenga ndalama zikuluzikulu. Mkulu wakewake wa ofesi yoyang'anira zimenezi anadzalembedwa ntchito mu 2024, zisankho ziwiri za pulezidenti zitadutsa kale.

Nkhani ikafika apa, wina amausa moyo n'kunena kuti nthawi ya Kamuzu sizikanatheka zimenezi. N'zoona kuti misewu inali yosesedwa, ana a sukulu ankapisira malaya, ndipo ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, aliyense ankazidziwa pamtima. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linkagwira ngakhale alendo otsika ndege. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika ndi pokwerera basi. Koma kumeneko kunali kuopa munthu, ndipo umboni wake uli pa mmene akuluakulu ankakhalira. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Chaka chomwecho Orton ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti la mafumu momwe sankaloledwa kukhala ndi loya. Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Lamulo linali lolimba kwa mtsikana wovala thalauzi, lofewa kwa opha nduna. Matenda ake ndi omwewa a lero, kungoti nthawi imeneyo wodandaula ankasowa.

Amene amati kusamva kuli m'magazi mwa Amalawi akaone banki m'khonde. M'midzi ndi m'makomboni a m'tauni, amayi 15 kapena 20 amagwirizana malamulo awoawo: tsiku lokumana, mtengo wa sheya, chiwongoladzanja cha ngongole, ndalama ya zadzidzidzi, chindapusa cha wochedwa ndi cha wojomba. M'magulu ambiri bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Ndalama zimawerengedwa mokweza, aliyense akumva. Wapampando akachedwa amalipira chindapusa, mkazi wa mfumu chimodzimodzi, ndipo palibe amene amakatenga chiletso. Magulu ena amagwa ndithu, msungichuma akathawa ndi ndalama kapena wina akakana kubweza ngongole, koma ochuluka amafika Disembala n'kugawana, feteleza ndi fizi n'kupezeka. Ambiri mwa amayiwa sanafike Fomu 4. Amatsatira malamulowo chifukwa anawapanga okha m'chilankhulo chawo, chilango chake chimabwera tsiku lomwelo, ndipo sichiyang'ana nkhope.

Boma nalo linaonetsapo kuti lingathe, ndipo masiku amene linatero ndi amene dziko lino limanyadira kunja. Pa 4 Julaye 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire, kuti a Bakili Muluzi aimenso, inapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Aphungu ochepa, atakankhidwa ndi mipingo, maloya ndi ophunzira, anakana, ndipo malire aja alipobe.

Pa 5 Epulo 2012 a Bingu anagwa kunyumba ya boma ku Lilongwe n'kumwalira. Malamulo sazungulira pa nkhaniyi: pulezidenti akamwalira, wachiwiri wake amalowa m'malo mpaka nthawi yotsalayo itatha. Koma wachiwiriyo anali mayi Joyce Banda, amene DPP inawachotsa m'chipani mu Disembala 2010. Kwa masiku awiri dziko silinauzidwe zoona. Thupi linakwezedwa ndege kupita ku South Africa anthu akuuzidwa kuti bwana akudwala, ndipo usiku wa pa 6 Epulo nduna 6 zinaonekera pa wailesi ya kanema ya boma kunena kuti mayiwo sakuyenera kulowa m'malo. Chimene chinathetsa mpungwepungwewo sichinali chikalata cha atolankhani. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anakana njira ina iliyonse kupatula yolembedwa, ndipo asilikali anakalondera nyumba ya wachiwiri kwa pulezidenti. Pa 7 Epulo mayi Banda analumbira. Munthu amene mfuti zonse za dziko zinali m'manja mwake, amene akanatha kudzitengera mpandowo, anawerenga gawo 83 monga linalembedwera n'kuimira pomwepo.

Kenako kunabwera chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apeza mavoti 38.6 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.4, malemu Saulos Chilima 20.2. Mapepala ena a zotsatira anali atafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena sanali enieni oyenera kugwiritsidwa ntchito, ena analibe siginecha, ndipo madandaulo 147, aja anatchuka kuti "madando", anthu sanakhutire ndi mmene anayankhidwira. A Chakwera ndi a Chilima anapita kukhoti. Mlandu unatenga miyezi, mawailesi akuuulutsa tsiku ndi tsiku, womasulira akuutembenuzira m'Chichewa. M'minibasi, mometera ndi m'magolosale anthu ankamvetsera maloya akupanikiza mboni ndi mafunso, n'kumatsutsana za fomu 66C ngati akukamba za Bullets ndi Wanderers. Anthu amene sanaonepo buku la malamulo anayamba kudziwa kuti woyang'anira chisankho pa senta ayenera kusaina pati, ndiponso kuti nambala yolakwika saifufuta ndi utoto woyera.

Majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, ankapita kukhoti moperekezedwa ndi asilikali. Panali oyesa kuwapatsa chiphuphu. Nkhaniyo inakafika kwa jaji wamkulu Andrew Nyirenda, iwo anakaitula ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndipo mu 2021 khoti linapeza munthu wina wamabizinesi wodziwika kuti ndi wolakwa. Pa 3 Febuluwale 2020 majajiwo anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku: chisankho chafafanizidwa, chichitikenso pasanathe masiku 150, ndipo wopambana azipeza mavoti oposa theka. Khoti la apilo linavomereza pa 8 Meyi. Mu Juni boma linayesa kutumiza jaji wamkulu kutchuthi chodikirira kupuma pantchito, khoti linaletsa, maloya anayenda pamsewu atavala mikanjo yawo yakuda. Pa 23 Juni anthu anavota, a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse, ndipo a Mutharika anatuluka m'nyumba ya boma. Mu Africa, khoti linali litafafanizapo chisankho cha pulezidenti ku Kenya kokha, mu 2017. Majaji asanu aja analandira mphoto ya Chatham House.

Anthu amene anaima pamizere mwabata tsiku limenelo ndi omwe aja amatchedwa osamva: akabaza, mavenda, makondakitala. Palibe anawakwapula kuti afole. Anali atamva lamulo m'chilankhulo chawo kwa miyezi, ndipo anaona ndi maso awo likugwira munthu wamphamvu kuposa onse m'dziko. Patatha zaka 5, lamulo lomwelo la mavoti oposa theka linabwezera a Mutharika pampando pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo a Chakwera anavomera kugonja MEC isanalengeze zotsatira zomaliza. Lamulo likagwira mbali zonse ziwiri chonchi, ngakhale wogonja amalikhulupirira.

Mfundo ya chilankhuloyi si yaing'ono. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi ndipo amakambidwa m'Chingerezi m'Nyumba ya Malamulo, momwe gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga chilankhulocho. Munthu woimbidwa mlandu amamva za tsogolo lake kudzera mwa womasulira. Kukhoti amati kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu, chabwino, koma mlimi wa ku Mchinji amene malo ake akukhudzidwa ndi malamulo atsopano a malo a 2016 akawerenga kuti, ndipo m'chilankhulo chanji? Nthawi zambiri lamulo amakumana nalo koyamba tsiku limene lamugwira.

Palinso malamulo amene amapangidwa ndi anthu osadzifunsa ngati iwo eni angawakwanitse. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utafika, boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, osanena kuti wogulitsa tomato, amene chakudya cha madzulo amachipeza masana omwewo, adya chiyani kwa milungu itatu. Mavenda anachita zionetsero, bungwe la HRDC linapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo. Apa ndi pamene chiletso chinagwira ntchito yake yeniyeni. Patangopita milungu yochepa, andale a mbali zonse anali kusonkhanitsa chinamtindi cha anthu pamisonkhano ya kampeni, sukulu zili zotseka, anthu wamba akuuzidwa kuti azikhala motalikirana. Mu 2021 kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi mliriwo anapeza kuti zina zinathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kosatsata ndondomeko, ndipo nduna ina inachotsedwa ntchito. Munthu amene anamangidwa kapena kukalipiridwa chifukwa chosavala masiki anamva zonsezi.

Nkhani ya makala ndi yofanana. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo mapiri ometeka a ku Blantyre, Zomba ndi Dedza akusonyeza kuti m'pofunikadi kuchitapo kanthu. Wanjinga amene wapalasa usiku wonse amalandidwa matumba ake pa rodibuloko. Koma wolandayo akaweruka amakapeza nsima itaphikidwa pa mbaula, poti magetsi azima kapena sanafike n'komwe kudera kwawo, ndipo gasi ndi wodula. Mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala, olemera ndi osauka omwe. Lamulo likulanga wonyamula, wogula akudya mwamtendere.

Zonsezi sizikumuchotsera mlandu wakabaza. Chipewa chimateteza mutu wake womwe, osati wa nduna, ndipo madokotala a mafupa m'zipatala zikuluzikulu akhala akudandaula ndi kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Mwana amene wagundidwa pa Area 25 kapena pa Chirimba sachira chifukwa chakuti phungu wina anazemba gawo 65. Wakabaza alembetse njinga yake, aphunzire malamulo apamsewu, avale chipewa. Koma amene akumulalikira adziwe kuti ulaliki wawo umalemera mofanana ndi mbiri yawo, ndipo kugwira njinga 200 pa tsiku limodzi n'kuzibweza mawa lake mwakachetechete kumangomutsimikizira zimene anaphunzira kale.

Zina mwa zofunika kukonza sizifuna ndalama za mayiko akunja. Nyumba ya Malamulo ikhoza kumalemba tsiku loyambira kugwira ntchito mkati mwa lamulo lenilenilo, m'malo mosiyira nduna imene lamulolo likudzaivutitsa. Makhoti akhoza kumaika patsogolo mlandu uliwonse umene waimitsa lamulo lokhudza dziko lonse, ndi kukana kuti funso logamulidwa kale libwerere litangosintha dzina la wodandaula. Malamulo apamsewu, a malo, a ukwati ndi a nkhalango akhoza kumasuliridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'zilankhulo zina n'kumawerengedwa pa mawailesi a m'madera. Mlandu wa chisankho unasonyeza kale kuti omvera alipo. Atolankhani nawo akamva mneneri akulonjeza kuti atsatira malamulo, asamangolemba. Amufunse kuti ndi gawo liti, ayamba tsiku liti, ndipo akalephera achoke ndani.

Chovuta kwambiri chili ndi aphungu eni ake. Nyumba ya Malamulo tsopano ili ndi mipando 229, ndipo kusamuka zipani sikunathe. Ngati aphungu akuona kuti gawo 65 n'lofunika, alole sipikala aligwiritse ntchito pa phungu woyamba kusamuka, ngakhale akhale wosamukira ku chipani cholamula. Ngati akuona kuti n'lopondereza, abweretse bilu yolichotsa, afune mavoti a magawo awiri mwa atatu monga malamulo amanenera, ndipo voti yake ikhale yoitana dzina limodzilimodzi, kuti anthu a ku Ntaja ndi ku Nthalire amve pa wailesi mmene phungu wawo wayankhira.